Thokozile ndi Boti Lotola Oyilo

Thokozile ndi mtsikana wa ku Biriwiri, ku Ntcheu. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chaka chino Thokozile ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti mbande zake za tomato zikule.

Mbandezo anafesa yekha. Amayi ake, a Veronica, anamupatsa bedi limodzi kudimba. Anamuuza kuti tomato yense wa chaka chino achokera pabedi limenelo. Mbewu ina kunyumba kunalibe. Mbande zikafa, ndiye kuti tomato palibe.

Thokozile ankathirira m'mawa. Ankathiriranso madzulo. Mbande zinamera. Zinakula, zinafika ngati chala chake. Akaziona, mtima wake unkachita kuti myaa.

Madzi ankachokera padamu. Damulo ndi laling'ono. Lili kumtunda kwa madimba. Madzi amatsika m'ngalande, n'kufika kudimba lililonse. Unali mwezi wa Okutobala. Dzuwa linali loswa mtengo. Mitsinje inali itauma. Madzi othirira anali a padamu okhawo.

Bambo ake a Thokozile ndi a Bizwell. Iye amawatchula kuti Ababa. Ababa amagwira ntchito kutali, ku Joni, kunyanja yamchere. Amagwira m'boti. Si boti la nsomba ayi. Si boti la anthu apaulendo. Ndi boti lotola oyilo. Sitima yaikulu ikataya oyilo m'nyanja, boti lawo limathamangira komweko. Munthu akagwera m'madzi, limathamangiranso komweko.

Lamlungu lililonse Ababa amaimba foni. Amamuonetsa Thokozile boti lija pavidiyo. Ndi lalifupi koma lotakata. Kumbuyo kwake n'kotsika, kuti munthu wa m'madzi akwere mosavuta. Limakoka mpanda wautali woyandama pamadzi.

Koma mwana ameneyu ndi mafunso! Ankafunsa za mpanda. Ankafunsa za chingwe. Ankafunsa mpaka foni kutha moto. Ababa sankatopa naye. Anamuuza kuti oyilo ali ngati mbuzi. Ukamuthamangitsa, amabalalika. Umayamba wamutchingira. Kenako umamukusa. Ukatero, umamutola.

Thokozile ali ndi amalume ake, a Gibson. Ndi achimwene awo a Amayi. Amalume a Gibson ndi munthu wabwino, zimenezo tisakane. Koma phuma! Amayenda mothamanga. Amadya mothamanga. Ngakhale moni amapereka akuthamanga.

Amalume ankakonda kuseka ntchito ya Ababa. Ankati alamu awo anapita ku Joni kukakolopa nyanja. Anthu ankaseka. Thokozile sankaseka. Mawu amenewo ankamupweteka.

Tsiku lina Loweruka m'mawa, Amalume anapita kudamu. Iwo ali ndi injini yopopa madzi. Anakhetsa oyilo wakale wa mu injinimo. Anamuthira m'chigubu. Chigubucho anachiika pamwala, m'mbali mwa damu. Kutseka? Anaiwala. Foni yawo inalira. Anatembenuka mothamanga. Phazi linagunda chigubu. Chigubu chinagubuduka, n'kugwera m'madzi kuti phava.

Oyilo anatuluka yense. Anali wakuda bii. Anayandama pamadzi. Kamphepo kanamukankhira pakati pa damu.

Amayi anali pafupi, akupalira kabichi. Anaona zonse. Anathamanga, n'kutseka kukamwa kwa ngalande ndi thumba la mchenga. Oyilo sanatsike kumadimba. Koma madzinso sanatsike. Tsiku limenelo palibe amene anali atathirira.

Thokozile anathamangira pabedi lake. Dothi linali gwa. Mbande zinali zitayamba kuweramitsa mitu. Amayi anaziyang'ana. Anati zikafika madzulo osamwa madzi, sizidzukanso. Thokozile anachita mantha kwambiri.

Anthu a madimba anasonkhana padamu. Ena anagwira m'chiuno. Ena anapukusa mitu. Ena ankangoti madzi akatayika saoleka. Amalume anachita manyazi. Anathamangira kugolosale. Anabwerako ndi mapaketi atatu a sopo waufa.

Anauza anthu nzeru yawo. Anati athira sopo padamu ponse. Anati avundula madzi ndi nsungwi. Anati sopo amachotsa mafuta m'mbale, ndiye alephera bwanji padamu? Anthu anavomera. Amayi ena anati n'zoona, mbale ya nyama imayera ndi sopo. Anyamata anayamba kudula nsungwi.

Thokozile anayang'ana mapaketi a sopo aja. Iye ankadziwa kuti zimenezo n'zolakwika. Ababa anamuuzapo za sopo. Anapempha Amayi kuti aimbe foni. Amayi anaimba. Foni sinalowe. Anaimbanso. Sinalowenso. Ababa anali pakati pa nyanja.

Amalume anang'amba paketi yoyamba.

Inu, kuletsa amalume ako pagulu si masewera. Thokozile ankadziwa zimenezo. Koma anaganiza za mbande zake. Anapita kutsogolo. Anagwada pansi.

"Amalume, pepani," anatero Thokozile. "Musathire kaye. Ndiloleni ndikuonetseni kanthu m'beseni."

Amalume anati nthawi ikutha, za ana pambuyo. Koma Amayi anati amusiye mwanayo ayese. Anati beseni silichedwetsa munthu.

Thokozile anaitana Zelesi. Zelesi ndi msuweni wake, mwana wa Amalume. Awiriwa anabweretsa mabeseni awiri. Anathiramo madzi. Anadonthezamo oyilo wotsala mu injini. Oyilo anayandama pamwamba.

M'beseni loyamba, Thokozile anathira sopo. Anavundula ndi kamtengo. Oyilo uja sanaonekenso. Amalume anamwetulira. Anati mwaona, wathatu.

Thokozile anawapempha kuti atunge madzi apansi ndi kapu. Amalume anatunga. Madzi anali otuwa. Ananunkhiza. Anakwinya mphuno. Madzi apamwamba ankanunkha oyilo. Madzi apansi ankanunkha oyilo. Oyilo sanachoke. Anangolowa m'madzi monse.

M'beseni lachiwiri, Thokozile sanavundule. Anaika nthenga za nkhuku pamwamba. Anaikanso udzu wouma. Anadikira pang'ono. Kenako anatola nthenga zija. Zinali zakuda. Anatola udzu uja. Unali wakuda. Madzi apansi anali oyera mbee.

Anthu anasuzumira. Anasuzumiranso. Amalume anakanda kumutu. Anaika paketi ya sopo pansi.

"Mphwanga," anatero Amalume, "tiuze chochita."

Thokozile anaimirira. Anasasa fumbi m'maondo. Anati pakufunika mpanda woyandama. Anati pakufunikanso boti.

Boti ku Biriwiri? Ena anaseka. Kuno kuli mapiri. Kuli mbatatesi. Kuli kabichi. Boti silinafikepo. Koma oyilo anali pakati pa damu. Damulo lili ndi matope ozama. Munthu sangalowemo. Popanda boti, mpanda ukafika bwanji pakatipo?

Ntchito inayamba. Amayi anabweretsa maneti a udzudzu akale ong'ambika. Zelesi anathamangira kwa ogulitsa nkhuku. Anabwera ndi thumba la nthenga. Anthu ena anamweta udzu wouma. Ena anatola makoko a chimanga. Wometa tsitsi kumsika anasesa pansi ponse. Anapereka tsitsi lodzaza jumbo ziwiri. Anafunsa ngati anthu a kumadimba apenga.

Anayala maneti pansi. Anaikamo udzu. Anaikamo nthenga. Anaikamo tsitsi ndi makoko. Anaikamonso mabotolo opanda kanthu, otseka bwino, kuti mpanda uyandame. Anakulunga. Anamanga ndi luzi. Anakulunganso. Anamanganso. Mpanda unatalika. Unali wonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu.

Nanga boti? Amalume anathamangira kwawo. Anazula chitseko cha khitchini. Akazi awo anafunsa kumene chitseko chikupita. Amalume anayankha ali kale kumsewu.

Anamangirira zigubu ziwiri pansi pa chitseko, pakati penipeni. Anachiika pamadzi. Boti linapendama. Linapendamanso. Kenako linagadabuka, zigubu m'mwamba. Ana anagwa nako kuseka.

Thokozile anachita manyazi. Misozi inalengeza. Anayang'ana dzuwa. Linali pamutu. Anapukuta m'maso, n'kuganiza bwino. Boti la Ababa ndi lotakata. Anapempha zigubu zinayi. Anati azimangirire m'makona onse anayi. M'zigubu zakumbuyo anathiramo madzi pang'ono, kuti kumbuyo kutsike.

Anaikanso boti pamadzi. Linagwedezeka. Linakhazikika. Linayandama bwinobwino.

Zelesi ankafuna kukwera. Thokozile anakana. Anati boti ili silikwera munthu. Anati liyenda ndi chingwe, anthu ali kumtunda. Amayi anavomera ndi mutu.

Anakhoma chikhomo m'mbali mwa damu. Nsonga imodzi ya mpanda anaimangirira pachikhomo. Nsonga inayo anaimangirira kuboti. Kutsogolo kwa boti anamangako chingwe chachitali. Amalume anagwira chingwecho. Ntchito yawo inali kuyenda mozungulira damu, akukoka boti. Boti likoka mpanda. Mpanda utchingira oyilo.

Amalume anayamba kukoka. Mukuwadziwa kale Amalume. Anakoka mothamanga. Boti linathamanga. Mpanda unathamanga. Oyilo anadutsa pansi pa mpanda, n'kutulukira kumbuyo. Anagawikana pawiri. Anthu anadandaula.

"Pang'onopang'ono, amalume," anatero Thokozile. "Yendani ngati muli pa ukwati."

Anthu anaseka. Amalume nawo anaseka. Anabwerera poyambira. Anaponya phazi limodzi. Anaima. Anaponya linzake. Anaima. Chibadwire, Amalume a Gibson anali asanayendepo chonchi. Thukuta linali kamukamu, koma sanathamange.

Thokozile anakwera pachulu. Pamenepo ankaona damu lonse. Akakweza dzanja, Amalume ankaima. Akatsitsa dzanja, Amalume ankayenda. Boti linayenda pang'onopang'ono. Mpanda unapinda ngati uta. Oyilo anayamba kulowa m'kati.

Ali pakati pa ntchito, Zelesi analoza m'madzi. Munali kamwana ka bakha. Kanali katalowa mu oyilo. Nthenga zake zinali zitamatana. Kankalira motsitsa. Kankamira, n'kutulukanso.

Ena anati akasiye, nthawi yatha. Thokozile anayang'ana kudimba. Anayang'ananso kabakha. Mtima unamuwawa. Koma Ababa amati moyo choyamba, oyilo pambuyo. Anakweza dzanja. Amalume anaima.

Thokozile anawauza kuti abwerere pang'ono. Boti linasendera. Linasenderanso. Kumbuyo kotsika kuja kunafika pafupi ndi kabakha. Kabakha kanakwera, n'kutsetsereka. Kanakweranso. Kanakhala pachitseko, kakunjenjemera. Aliyense anapumira m'mwamba.

Thokozile anatsitsa dzanja. Amalume anayambanso kuyenda. Phazi limodzi. Phazi linzake. Anazungulira damu lonse. Anafika pachikhomo paja. Boti linagunda kumtunda. Zelesi ananyamula kabakha, n'kukakulunga m'kansalu. Mpanda unali utatseka. Oyilo anali m'khola.

Tsopano inali nthawi yomukusa. Anthu anakoka mpanda pang'onopang'ono. Khola linachepa. Linachepanso. Oyilo anaunjikana m'mbali, pafupi ndi miyendo yawo.

Kenako inali nthawi yomutola. Anavala majumbo m'manja. Ena anayengula ndi mbale zakale. Ena anawaza nthenga, n'kuzitola zitada. Ena anayala zisanza pamadzi, n'kuzinyamula. Zonse zakuda ankaponya m'dilamu. Thokozile anati oyilo asatayidwe pansi. Anati mvula ikadzagwa, angadzabwerere m'damu. Amalume analonjeza kutseka dilamulo bwinobwino. Ulendo uno sanaiwale.

Koma ntchito inali isanathe. Oyilo wina anali atathawira kutsidya. Boti linapitanso. Linatchinga. Linakusa. Anthu anatola. Linapita kachitatu. Linatchinga. Linakusa. Anthu anatola. Mikono inawawa. Misana inawawa. Njala nayo inawawa. Palibe amene anapita kwawo.

Dzuwa linapendeka. Damu linayamba kuoneka ngati kale. Thokozile anapempha mpanda wina, waufupi, wa udzu watsopano. Anauika kutsogolo kwa ngalande. Anati oyilo wotsala akakamira pamenepo. Madzi oyera adutsa pansi.

Amayi anachotsa thumba la mchenga. Madzi anatsika m'ngalande. Amayi anatunga ndi kapu. Anayang'ana padzuwa. Ananunkhiza. Anapatsa mayi wina. Nayenso ananunkhiza. Kapu inayenda m'manja mwa anthu onse.

"Madzi ali bwino," anatero Amayi. "Thoko, tenga kheni yako, ukathirire."

Thokozile anathamanga. Anafika pabedi lake. Anaima chilili. Mbande zonse zinali zitagona pansi. Masamba anali lende. Zinkaoneka ngati zafa kale.

Thokozile analira. Anathirira akulira. Anathirira mzere woyamba. Anathirira wachiwiri. Anathirira mpaka kumapeto. Mbande sizinadzuke. Amalume anabwera ndi udzu. Anamanga kamthunzi pamwamba pa bedi. Amayi anamugwira Thokozile paphewa. Anati tiona mawa.

M'mawa wa Lamlungu, Thokozile sanadikire tiyi. Sanavale n'komwe nsapato. Anatsika phiri mothamanga. Anadutsa damu. Anadutsa kabichi wa Amayi. Anagwada pabedi lake, n'kusuzumira pansi pa udzu.

Mbande zinali zitaimirira. Mitu inali m'mwamba. Masamba anali atatambasuka. Kumapeto kwa bedi, zisanu ndi ziwiri zinali zitauma. Zimenezo sizinadzuke. Koma zina zonse zinali zamoyo. Thokozile anaseka yekhayekha. Anaitana Amayi mokweza, mpaka agalu a kutsidya anauwa.

Atabwerako kutchalitchi, foni ya Amayi inalira. Anali Ababa. Boti lawo linali litabwerera kudoko. Onse anatsikira kudimba ndi foniyo. Amayi anayamba kufotokoza. Amalume analanda foni. Anafotokoza okha, mothamanga. Ananena za chigubu, sanabise. Ananena za sopo. Ananena za mabeseni awiri. Anawaonetsa boti la chitseko. Anati mwana ameneyu wawayendetsa ngati mkwati tsiku lonse.

Ababa anamvetsera. Sanaseke. Anapempha kuti aone mwana wawo. Thokozile anatenga foni ndi manja awiri.

"Mbande zapulumuka?" anafunsa Ababa.

"Zapulumuka, Ababa. Zafa zisanu ndi ziwiri zokha."

Thokozile anatembenuza foni. Anawaonetsa bedi lonse, mzere ndi mzere. Ababa anayang'anitsitsa. Anapukuta m'maso ndi chipewa chawo. Kenako anaitana anzawo a m'boti. Anabwera amuna atatu ndi mayi mmodzi, onse ovala zofiira. Ababa anawafotokozera m'chiyankhulo cha kumeneko. Thokozile sanamve mawuwo. Anangomva dzina lake, kawiri.

"Mwana wanga," anatero Ababa, "kuno anthu akagwira ntchito yabwino, boti limawalizira lipenga. Imirira bwino. Ili ndi lako."

Thokozile anaimirira pambali pa mbande zake. Anaongoka. Amalume anavula chipewa. Amayi anakweza foni m'mwamba.

Lipenga linalira. Buuu! Linaliranso. Buuu! Linalira kachitatu, motalika. Anthu a m'madimba ena anasiya makasu, n'kudzutsa mitu. Amayi anaimba nthungululu.

Thokozile ananyadira kwambiri. Ananyadira Ababa. Anadzinyadiranso yekha.

"Ndamva, Ababa," anatero. "Biriwiri yense wamva."